Kafukufuku wa Thonje ndi Zokolola M'zigwa za Rumphi

Thonje ndi imodzi mwa mbewu zikuluzikulu zogulitsa m'Malawi, pambuyo pa fodya, tiyi ndi nzimbe. Olima ake ndi alimi ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo pa munda wosapitirira hekitala imodzi, ndipo ulimi wake umadalira mvula. Thonje lochuluka limachokera kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, ku Balaka ndi madera ozungulira, komanso m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga. Rumphi imadziwika kwambiri ndi fodya, komabe zigwa zake za Henga ndi Nkhamanga, pamodzi ndi dera lake la kunyanja, zili m'gulu la malo omwe thonje limatha kuchita bwino.

Funso lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo kwa zaka pafupifupi zana ndi la kuchepa kwa zokolola. Mlimi wamba kawirikawiri amakolola makilogalamu osafika 1,000 pa hekitala, pomwe pa minda ya kafukufuku mbewu zomwezo zimapitirira makilogalamu 2,000. Kusiyanaku sikuchokera pa chinthu chimodzi. Zokolola za thonje zimamangika pang'onopang'ono, kuyambira pa tsiku lobzala mpaka pa tsiku lozula mitengo, ndipo ntchito iliyonse yochedwa imadya gawo lake. Ku Rumphi, komwe kuzizira kumabwera msanga, nkhani ya nthawi ndiyo imakula kuposa zonse.

Malo a Rumphi ndi zomwe thonje limafuna

Thonje ndi mbewu ya kotentha. Kukazizira kufika pa madigiri 15 kapena kutsikirapo, mbewuyi imaima kukula. Imafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pobzala mpaka potsiriza kutola, mvula yokwanira pa nthawi ya maluwa, kenako dzuwa pa nthawi yoti zipatso ziphulike. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake imapirira ng'amba kuposa chimanga, koma siifuna nthaka yodikha madzi.

Boma la Rumphi lili ndi malo a misinkhu itatu. Pansi penipeni ndi kunyanja, ku Chiweta, Mlowe ndi Chitimba, pa mamita osafika 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kumeneku n'kotentha ngati ku Karonga. Pakati pali chigwa cha Henga, chomwe mtsinje wa South Rukuru umadutsamo, ndi chigwa cha Nkhamanga komwe kuli Bolero; zigwazi zili pa mamita oposa 1,000. Pamwamba pali mapiri a Nyika, opitirira mamita 2,000, ndi madera ozizira a m'mbali mwake monga Ntchenachena ndi Livingstonia, komwe kumayenera khofi osati thonje.

Munthu akakwera mamita 100, kutentha kumatsika ndi kupitirira pang'ono theka la digiri. Choncho pakati pa Chiweta ndi Bolero pali kusiyana kwa madigiri atatu kapena anayi. Kwa munthu kusiyanaku n'kochepa, koma kwa thonje n'kwakukulu: limachedwa kuchita maluwa, zipatso zimachedwa kukhwima, ndipo zomwe zabereka mochedwa zimakumana ndi kuzizira kwa Meyi ndi Juni zisanaphulike. Kuwonjezera apo, Nkhamanga ndi dera lotchingidwa ndi mapiri, motero mvula yake ndi yochepa poyerekeza ndi madera a kumtunda. Nyengo yomwe thonje lili nayo m'zigwazi ndi yopanikizika mbali zonse ziwiri: mvula kuchiyambi, kuzizira kumapeto.

Komwe kafukufuku anachokera

Thonje si mbewu yachilendo m'dziko muno. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu. Ulimi wolimira misika yakunja unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mothandizidwa ndi bungwe la British Cotton Growing Association lomwe linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902 pofuna kupezera thonje mafakitale a nsalu a ku Britain. Bungwe lina, la Empire Cotton Growing Corporation, lomwe linayamba mu 1921, ndilo linabweretsa kafukufuku wokhazikika. Linatsegula malo oyesera mbewu ku Makwapala pafupi ndi Zomba, kenako ku Domira Bay ku Salima.

Mavuto oyamba anali tizilombo ndi matenda. Majasidi, tizilombo tating'ono toyamwa masamba, ankawononga minda yathunthu kummwera kwa Africa mpaka pomwe katswiri F. R. Parnell ku Barberton ku South Africa anasankha mtundu wa thonje wa masamba aubweya wotchedwa U4. Ubweyawo umalepheretsa majasidi kudya ndi kuikira mazira. Matenda odetsa masamba ndi nthambi, oyamba ndi bakiteriya, anachepa atabwera mitundu ya Albar, yomwe inasankhidwa chifukwa chopirira matendawa. Mbozi yofiira, yomwe inasautsa kwambiri chigwa cha Shire, inafufuzidwa ndi E. O. Pearson ndi anzake m'zaka za m'ma 1940.

Mu 1956 kunayamba ntchito yofufuza tizilombo ta thonje m'mayiko a Rhodesia ndi Nyasaland, momwe munali akatswiri John Tunstall ndi Graham Matthews. Iwo anasonyeza kuti kupopera mankhwala pa nthawi yoyenera kumatha kuchulukitsa zokolola kawiri kapena kuposa. Dziko litalandira ufulu, malo ofufuzira a Makoka ku Thondwe m'boma la Zomba anatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero ndiwo likulu la kafukufuku wa thonje. Makoka ili pansi pa nthambi yofufuza za ulimi mu unduna wa zamalimidwe, ndipo imagwira ntchito ndi malo ena monga Chitala ku Salima, Kasinthula ku Chikwawa ndi Baka ku Karonga. Chigawo chakumpoto chimatsogozedwa ndi malo ofufuzira a Lunyangwa ku Mzuzu.

Momwe kuyesa kumachitikira

Kafukufuku wa zokolola ali ndi dongosolo lake. Munda umagawidwa m'timinda ting'onoting'ono tofanana kukula. Pa kamunda kalikonse amasintha chinthu chimodzi chokha, kaya mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, kutalikirana kwa mapando kapena mlingo wa feteleza, zina zonse n'kukhala chimodzimodzi. Chinthu chilichonse choyesedwa chimabwerezedwa pa timinda titatu kapena tinayi tosankhidwa mwamaere, kuti chonde cha pachulu kapena kudikha kwa pakhwawa kusanamize zotsatira. Potola, mizere ya m'mphepete siiwerengedwa, chifukwa mbewu za m'mphepete zimalandira dzuwa ndi chinyezi chochuluka kuposa zinzake.

Akatswiri amalemba tsiku lomwe duwa loyamba laoneka, kuchuluka kwa zipatso pa mtengo, kulemera kwa chipatso chimodzi, kulemera kwa thonje lonse, komanso gawo la ulusi lomwe limatsala njere zikachotsedwa. Amayezanso kutalika, kulimba ndi kusalala kwa ulusi, poti zimenezi ndizo ogula akunja amayang'ana. Kuyesaku kumachitika kwa zaka zingapo ndiponso m'madera osiyanasiyana, chifukwa mbewu yopambana kuchigwa cha Shire ikhoza kugonja ku Bolero. Zotsatira zikakhutiritsa, zimapita ku komiti ya unduna yotchedwa Agricultural Technology Clearing Committee, yomwe imavomereza mbewu kapena njira yatsopano isanafike kwa alimi. Kuchoka apo ntchito imakhala ya alangizi ndi alimi otsogola, kudzera m'minda yachitsanzo m'madera a zaulimi monga Bolero, Mhuju, Katowo, Mwazisi ndi Chiweta.

Mitundu ya mbewu

Chifukwa cha kusiyana kwa nyengo, akatswiri a ku Makoka anagawa dziko m'zigawo za thonje, chigawo chilichonse ndi mtundu wake. Makoka 2000 inasankhidwira chigwa cha Shire, Rasam 17 madera a m'mbali mwa nyanja, ndipo IRM 81 madera okwera, gulu lomwe zigwa za Rumphi zimagweramo. Pambuyo pake kunalowanso mitundu yochokera m'mayiko oyandikana nawo, monga Chureza wa ku Zambia ndi SZ 9314 wa ku Zimbabwe.

Mtundu woyenera dera lokwera umayenera kucha msanga, kupirira matenda ofotetsa omwe amakonda nthaka yozizira, ndiponso kukhala ndi masamba aubweya. Makampani ochotsa njere amafuna china: mtundu wopereka ulusi wochuluka. Pa makilogalamu 100 a thonje lomwe mlimi wagulitsa, ulusi umakhala makilogalamu pakati pa 35 ndi 40, mitundu ina n'kupitirirako pang'ono. Zotsalazo ndi njere, zomwe amayengera mafuta ophikira ndi kupanga chakudya cha ziweto.

Mitundu ikasakanikirana kumsika ndi kumafakitale, ubwino womwe akatswiri anausankha kwa zaka zambiri umatayika. N'chifukwa chake malangizo amaletsa kubzala njere zotola pena paliponse. Mbewu yovomerezeka nthawi zambiri imakhala yochotsedwa ubweya ndi asidi komanso yothiridwa mankhwala. Yotereyi imamera mofanana, siinyamula matenda ambiri, ndipo imalowa yochepa pa hekitala poyerekeza ndi yaubweya.

Tsiku lobzala, mapando ndi kupalira

Pa zonse zomwe zayesedwa m'mayiko a kummwera kwa Africa, chotsatira chomwe chimabwerezabwereza ndi ichi: thonje lobzalidwa ndi mvula yoyamba yobzalira limaposa lobzalidwa mochedwa, ndipo sabata iliyonse yochedwa imatsitsa zokolola. Chifukwa chake chili m'kakulidwe ka mbewuyi. Duwa loyamba limaoneka patatha pafupifupi miyezi iwiri, ndipo chipatso chimafuna miyezi ina iwiri kuti chiphulike, kapena kuposa apo kukazizira. Zipatso zoyambirira, za nthambi zam'munsi, ndizo zimakhala zazikulu ndi zolemera. Thonje lobzalidwa mu Disembala limachita maluwa mu Febuluwale nthaka ikadali ndi chinyezi. Lobzalidwa pakati pa Januwale limachita maluwa mvula ikupita kumapeto, mbozi zitachuluka kale, ndipo m'zigwa za Henga ndi Nkhamanga zipatso zake zomaliza zimagwidwa ndi kuzizira.

Apa ndi pomwe kafukufuku amakumana ndi moyo wa pakhomo. Mvula ikagwa, banja limathamangira kuwokera fodya ndi kubzala chimanga, thonje n'kudikira. Akatswiri amalangiza kukonza mizere chilimwe chisanathe, ndipo m'madera ena kubzala pouma mvula itatsala pang'ono, kuti mbewu imere ndi mvula yoyamba. Njere siziyenera kukwiriridwa mozama. Masentimita awiri kapena atatu ndi okwanira, chifukwa mmera wa thonje umavutika kuboola dothi lochindikala.

Malangizo omwe akhalapo kwa zaka zambiri ndi a mizere yotalikirana masentimita 90, mapando otalikirana masentimita 60, ndi mbewu zitatu pa phando, zomwe zimapereka mbewu pafupifupi 55,000 pa hekitala. Mitundu yatsopano imabwera ndi miyeso yakeyake, ndipo mlimi amatsata zomwe mlangizi wanena za mtunduwo. Kupakiza kumachitika mbewu zikangomera, ndipo kupatulira pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, nthaka ili yonyowa. Mbewu zosapatulira zimalimbirana dzuwa, zimatalika n'kuwonda, zipatso n'kuchepa.

Masamu osavuta amasonyeza kufunika kwa zimenezi. Chipatso chimodzi chimapereka magalamu anayi kapena asanu a thonje. Munda wa mbewu 55,000, mtengo uliwonse utasunga zipatso 10 za magalamu anayi, ungapereke makilogalamu 2,200. Munda wa mipata yambiri, wa mbewu 25,000 zokhala ndi zipatso 6 zokha, ungapereke makilogalamu 600. Mbewu ndi yomweyo, mvula ndi yomweyo. Chasiyana ndi chiwerengero cha mitengo ndi cha zipatso zomwe zapulumuka.

Thonje limakula pang'onopang'ono m'sabata zoyambirira, motero udzu umaliposa msanga. Kafukufuku wasonyeza kuti sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu zoyambirira ndizo zofunika kwambiri: munda womwe wakhala m'tchire nthawi imeneyi subwereranso mwakale ngakhale upaliridwe bwino pambuyo pake. Alimi ena amagwiritsa ntchito mankhwala opha udzu pofuna kuchepetsa kupanikizika kwa ntchito m'mwezi wa Januwale.

Nthaka ndi chakudya cha mbewu

Pali chikhulupiriro choti thonje silifuna feteleza. Chinayamba chifukwa cha nthaka yachonde ya kuchigwa cha Shire, komwe mbewuyi imabereka popanda kuthira kanthu. M'madera okwera, omwe nthaka yake yalimidwa chimanga ndi fodya kwa zaka zambiri, zinthu n'zosiyana. Thonje limafuna nayitirojeni kuti likule, fosifolasi wa mizu, potaziyamu wodzaza zipatso, ndi salufa. Limafunanso boroni pang'ono. Akasowa, maluwa ndi zipatso zazing'ono zimayoyoka, n'chifukwa chake mchere umenewu nthawi zina umasakanizidwa m'madzi opopera.

Komabe feteleza amapindula pokhapokha ntchito zina zachitika. Kuthira feteleza m'munda wobzalidwa mochedwa kapena wosapopera ndi kudyetsa udzu ndi mbozi. Nayitirojeni wochuluka amachititsa mbewu kuchulutsa masamba, kuchedwa kucha ndi kukopa tizilombo toyamwa, vuto lomwe limakula m'madera ozizira komwe nyengo ndi yaifupi kale. Kasinthasintha wa mbewu amathandiza kuchepetsa matenda a m'nthaka: thonje limatsatizana bwino ndi chimanga, mtedza kapena soya. M'madera a mvula yochepa ngati Nkhamanga, ngonyeka za m'mizere, manyowa ndi kuphimbira nthaka zimasunga chinyezi chomwe chimafunika pa nthawi ya maluwa.

Tizilombo ndi luso loyendera munda

Thonje ndi imodzi mwa mbewu za m'munda zomwe zili ndi adani ambiri. Adaniwa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi mbozi zoboola maluwa ndi zipatso. Mbozi yofiira imadya thonje lokha, ndipo imagona m'nthaka kudikira chaka chotsatira. Mbozi ya ku Africa, yomwe mabuku akale ankaitcha ya ku America, imadya mbewu zambiri, monga chimanga, nandolo, tomato, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo imasamukira ku thonje chimanga chikatha kuchita ngayaye. Kudera la chimanga ndi fodya ngati Rumphi, mbozi imeneyi siisowa pokhala. Palinso mbozi yaminga, ndi mbozi yapinki yomwe imabisala m'njere ndi m'zipatso zotsalira.

Gulu lachiwiri ndi tizilombo toyamwa: nsabwe, majasidi, akangaude ofiira, kodikodi, ndi tizilombo tofiira tomwe timaboola zipatso n'kuthimbiriritsa ulusi. Nsabwe zimasiya timadzi tomata tomwe timadetsa thonje lophulika n'kulitsitsa giredi.

Chomwe kafukufuku wa m'dziko muno anaphunzitsa mayiko ena ndi kuyendera munda musanapopere. Kamodzi pa sabata mlimi amadutsa m'munda mopingasa, n'kuyang'anitsitsa mitengo 24, kuwerenga mazira ndi mbozi zazing'ono, kenako n'kusankha ngati kupopera kukufunika komanso mankhwala oyenera. Pofuna kuthandiza alimi osadziwa kulemba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunakonzedwa kathabwa ka mabowo komwe mlimi amasuntha kamtengo akapeza dzira kapena mbozi. Kamtengoko kakafika pa chizindikiro, nthawi yopopera yakwana. Kathabwaka kanafalikira m'mayiko ena olima thonje mu Africa.

Cholinga chake n'kupha mbozi ikadali yaing'ono, isanalowe m'chipatso momwe mankhwala safika. Kupopera mwachisawawa kumawononga ndalama, kumapha tizilombo tothandiza tomwe timadya nsabwe ndi mazira a mbozi, ndiponso kumachititsa kuti mbozi zizolowere mankhwala. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kusinthasintha magulu a mankhwala m'nyengo imodzi.

Zida zopoperanso zinafufuzidwa. Tunstall ndi Matthews anakonza sipuleya yobereka kumsana yokhala ndi mipopi kumbuyo kwa wopopera, kuti mankhwala alowe pansi pa masamba ndipo munthu asayende m'nkhungu yake. Vuto linali madzi, poti hekitala imodzi inkafuna malita ambirimbiri otunga kutali. Izi zinachititsa kuti ayese timakina ta mabatire tozungulira, todziwika ndi dzina loti Ulva, tomwe timamwaza timadontho tating'ono kwambiri ndipo timafuna madzi ochepa. Pa zida zonsezi, wopopera amayenera kuvala zodzitetezera, kupewa nthawi ya mphepo ndi dzuwa lamphamvu, ndi kusamba akamaliza.

Thonje la Bt

Kusintha kwakukulu kwa zaka zaposachedwa ndi thonje la Bt. M'thonje limeneli akatswiri anaikamo majini ochokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis, omwe amachititsa mbewu kupanga mapuloteni opha mbozi zikadya. Mtundu womwe unayesedwa m'Malawi, wa Bollgard II, uli ndi majini awiri otere. Lamulo loyendetsera ntchito zoterezi linakhazikitsidwa mu 2002. Kuyesa koyamba, m'munda wotchingidwa, kunayamba mu 2013 ku Bunda, sukulu yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, kenako kunafalikira ku malo ofufuzira a m'madera olima thonje. Boma litavomereza, alimi anayamba kubzala mbewu za haibulidi za kampani ya Mahyco ya ku India, zogulitsidwa kudzera ku kampani ya Quton, m'nyengo ya 2019/2020.

Ubwino wake ndi woti zipatso zoyambirira zimapulumuka ku mbozi, motero mbewu imacha msanga ndipo kupopera kumachepa. Kwa dera la nyengo yaifupi, kupulumuka kwa zipatso zoyambirira ndi phindu lalikulu. Koma pali malire. Bt sapha nsabwe, majasidi, kodikodi kapena tizilombo tothimbiriritsa ulusi, choncho kuyendera munda sikutha. Mbewu yake ndi yokwera mtengo, ndipo poti ndi haibulidi imagulidwa chaka chilichonse. Siipindula ikabzalidwa mochedwa kapena m'munda wosapalira. Mbozi nazo zimatha kuizolowera, monga zinachitikira ku India komwe mbozi yapinki inayamba kudya Bollgard II cha m'ma 2014 ndi 2015. Pofuna kuchedwetsa zimenezi, alimi amalangizidwa kubzala mizere ingapo ya thonje wamba pambali pa la Bt, kuti mbozi zosazolowera zipitirize kuswana ndi kusakanikirana ndi zinzake.

Kutola, kusankha ndi kuzula

Zokolola zimatha kutayika ngakhale munda utabereka bwino. Thonje limatoledwa katatu kapena kanayi, kuyambira pomwe zipatso zam'munsi zaphulika, mame atauma. Likasiyidwa nthawi yaitali limagwa pansi, limachita fumbi ndipo limathimbirira. M'zigwa za Rumphi nthawi yotola imakumana ndi yosankha fodya ndi yokolola chimanga, zomwe zimachititsa kuti manja achepe.

Thonje loyera limalowa giredi A, lothimbirira kapena lazinyalala giredi B, ndipo mitengo yake imasiyana. Mdani wamkulu wa ulusi ndi matumba apulasitiki a feteleza: tizingwe take tikasakanikirana ndi thonje sitichoka, ndipo sitigwira utoto nsalu ikamanyikidwa. N'chifukwa chake makampani amafuna kuti thonje litoleredwe m'matumba a nsalu. Kuthira madzi kapena mchenga pofuna kuwonjezera kulemera kumawononga mbiri ya thonje la dziko lonse kumsika wakunja.

Ntchito yomaliza ndi kuzula mitengo ndi kuitentha tsiku lomwe boma laika lisanadutse, kuti papite miyezi ingapo popanda thonje lamoyo m'munda. Nthawi imeneyi imadula mzere wa kuswana kwa mbozi yofiira, mbozi yapinki ndi kodikodi. Imagwira ntchito pokhapokha mudzi wonse watsatira, chifukwa munda umodzi wosazulidwa umasungira tizilombo minda yonse yoyandikana nawo.

Msika ndi tsogolo la kafukufuku

Mlimi amatsata malangizo ngati akuona kuti thukuta lake libweza. Kuyambira mu 1971 wogula wamkulu anali ADMARC, yomwe inkaperekanso mbewu, mpaka msika unatsegulidwa kwa makampani ena m'zaka za m'ma 1990. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1967, inkagula gawo la ulusi. Mu 2003 inagulitsidwa ku kampani ya Mapeto. M'nyengo ya 2011/2012 boma linaika K1.6 biliyoni pa mbewu ndi mankhwala a thonje, ndipo zokolola za dziko zinafika pafupifupi matani 100,000. M'zaka zotsatira zinatsika kwambiri chifukwa cha kugwa kwa mitengo, kusowa kwa zipangizo, ndi kusakhulupirirana pakati pa makampani okongoza zipangizo ndi alimi ogulitsa kwa ogula ena. Lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa bungwe la Cotton Council of Malawi kuti lizilembetsa alimi ndi ogula, kuyang'anira mbewu ndi kuyendetsa misika.

Kwa alimi a ku Rumphi, mtunda ndi gawo la nkhaniyi. Mafakitale ambiri ochotsa njere ali kummwera ndi pakati, ndipo yapafupi ndi ya ku Ngara m'boma la Karonga. Komwe olima ndi ochepa ndiponso omwazikana, ogula amachedwa kufika ndipo mtengo wonyamulira umakwera. Kulima m'magulu ndi m'makalabu kumathandiza kusonkhanitsa katundu wokwanira, kugula zipangizo pamodzi ndi kubwerekana masipuleya.

Pamene msika wa fodya ukusinthasintha, thonje ndi imodzi mwa mbewu zomwe zimatchulidwa ngati zothandiza kuti alimi asadalire mbewu imodzi. Kuti zimenezi zitheke m'zigwa za Henga ndi Nkhamanga, kafukufuku ayenera kuyankha mafunso a deralo: mitundu iti, ya Bt ndi yawamba, imacha kuzizira kusanafike, tsiku lomaliza lobzala lomwe lingapindulitse ndi liti, feteleza wochuluka bwanji amabweza ndalama pa nthaka yotopa, ndiponso ntchito ya thonje ingalowe bwanji m'kalendala ya banja lomwe likulimanso fodya ndi chimanga. Mayankho ake amapezeka poyesa pa minda ya ku Bolero, Mhuju ndi Chiweta kwa nyengo zingapo, kenako n'kuwafikitsa kwa alimi kudzera mwa alangizi, pamodzi ndi mbewu yofika nthawi yake ndi msika wodalirika.